Anati Adzatiyendera Loweruka

Mwana wanga wamkazi anagwa pamsika akupinda zovala za salaula, zovalidwa kale zobwera m'mabelo. Anali asanakwanitse zaka makumi atatu. Anzake a pamatebulo oyandikana anayesa ndi njala, anamumwetsa madzi a shuga, madziwo n'kumatayikira mbali imodzi ya kamwa. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Ine ndinakana. Ndinauza namwino kuti sitiroko ndi matenda a mabwana a mimba zazikulu ndi a ife nkhalamba, aonenso bwino, mwina asokoneza odwala. Namwinoyo anangonyamula dzanja lamanja la mwana wanga n'kulisiya, ndipo linagwera pabedi ngati nsanza yonyowa.

Anatuluka m'chipatala ndi liwu limodzi lokha m'kamwa. Mawu onse amene ankagulitsira malonda, kunenerera mitengo ndi kukalipira makondakitala anapita, kunatsala lakuti "tiyeni". Akafuna madzi ankati tiyeni. Mutu ukamupweteka, tiyeni. Akafuna kuti ndichoke pamaso pake, tiyeninso. Ndinkachita kulota tanthauzo lake poyang'ana nkhope, koma nkhopeyo inali itagwa theka, ndipo theka lotsalalo sindinkalidziwa bwino, chifukwa mwanayu sindinamulere. Ndinachoka pakhomo pa amayi ake iye akuyamwa, ndinabwerera amayi akewo ali m'manda, fakitale ya ku Indasitiriyo itandichotsa ntchito ndipo msana utatha ndi matumba a simenti. Anandipatsa chipinda chakumbuyo m'nyumba yake ya lendi ku komboni ya Kanyama. Dzina lakuti atate sanandipatse. Ankanditcha ba mudala, monga amaitanira nkhalamba iliyonse yodutsa pamsewu.

Bambo sasambitsa mwana wake wamkazi wamkulu. Ntchito imeneyo anaitenga amayi a kuseri kwa nyumba yathu, Asilamu amene makolo awo anachokera ku Malawi, akazi a mmisiri wokhoma mbaula ndi zidebe. Ankabwera m'mawa akatha mapemphero, n'kunditulutsa panja ndi mawu omwewo tsiku lililonse: "Abambo, takaonani ngati kunja kukadalipo." Yanga inali kuphika phala, kutaya chitini ndi kumuwongola zala.

Za zalazo madokotala anatichenjeza tsiku lotuluka m'chipatala. Anati mkono ndi mwendo ziziwongoledwa ndi anthu odziwa, msanga, chifukwa zikauma sizibwereranso. Tinapita kuchipatalako maulendo ochepa chabe. Maminibasi ankatisiya pasiteji akaona mmene ankakwerera pang'onopang'ono, kenako mvula inabwera ndipo Kanyama anamira monga amachitira chaka ndi chaka. Madzi anafika pakhonde, njira inasanduka miyala yodumphira. Munthu wa miyendo iwiri ankagwa, nanji wa mwendo umodzi. Tinasiya kupita. Dzanja linayamba kufumbata. M'mawa uliwonse ndinkalitsegula chala chimodzichimodzi, n'kupeza zikhadabo zadinda m'chikhatho, mkatimo muli chinyezi chonunkha ngati nsalu yoiwalika m'beseni. Ndikalisiya linkadzitsekanso ndikuona. Sabata iliyonse linkalimba kuposa yapitayo, ndipo ndinkadziwa kuti tsiku likubwera limene zala zanga za ukalamba zidzalephera kulitsegula.

Mvula ikupita kumapeto, ndinapita kukiliniki kukatenga mapiritsi ake a BP. Pageti panaima achinyamata ovala masikipa ofanana, akulankhula ndi aliyense wotuluka. Mtsikana wina wa magalasi anandiimitsa. Chinyanja chake chinali cha m'tauni muno, chothamanga.

"Ba mudala, pa Satade tizayendela banzathu bamene banagwa na sitiroko bakali bang'ono. Tizayambila mu tauni, tizapita na mu Kanyama muno."

"Mudzawayendera?" ndinamufunsa.

"Ee, bonse. Tizankhala bambili maningi. Na bamene baongola mendo na manja bazankhalapo."

Ine ndinabadwira kum'mawa, ndipo kuwerenga ndinakuphunzira mochedwa, kusukulu ya madzulo, imvi zitayamba kale. Aphunzitsi athu ankatiumiriza Chinyanja cha m'buku, ndipo ndinkanyadira kuti mawu ndimawadziwa mpaka kumizu. Kwathu ndi m'buku momwemo, kuyendera wodwala ndi kufika pakhomo pake, kuodira, kukhala pampando n'kumufunsa mmene wagonera. Tanthauzo lina sindinkalidziwa, ndiye sindinafunse. Ndinamugwira mtsikanayo dzanja ndi manja anga onse awiri n'kumulongosolera njira: mukafika pathanki ya madzi mukhotere kumanzere, mudutse pamene amayi amaphwanya miyala, mukamva kukhoma kwa malata mwafika, chitseko chathu ndi chobiriwira. Iye ankagwedeza mutu akumwetulira. Lero ndikaganiza ndimaona kuti maso ake anali kale pa munthu wotsatira.

"Musachedwe, ba mudala, tiyamba kuseni," anatero, kutanthauza m'mawa. Ndinadabwa pang'ono kuti ndingachedwe bwanji ndili m'nyumba mwanga, koma ndinati ndi kalankhulidwe ka ana a masiku ano.

Sabata imeneyo sindinakhale pansi. Ndinatolera matumba a simenti akale, kuwadzaza dothi n'kuwayala kuyambira pakhomo mpaka pamene madzi ankathera, kuti alendo asanyowetse nsapato. Ndinabwereka mipando ya pulasitiki kwa amayi ogulitsa mowa wa m'mapaketi. Ndinapala nkhungu pakhoma. Mwana wanga ndinamuuza Lachitatu, nditagwada pambali pa matiresi ake, kuti akubwera anthu odziwa kuwongola manja, akubwerera iyeyo, m'nyumba muno. Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako analoza ndi dzanja lamanzere kagalasi kamene kanali pawindo, kamene anali asanakakhudze chigwereni. Lachisanu amayi a kuseri anamuluka tsitsi, n'kumusankhira diresi yachikasu m'belo limene linatsala osagulitsidwa.

Loweruka linacha bwino, kopanda mtambo. Tinamukhazika pampando pakhomo, dzanja lofumbatalo litagona pamiyendo pake pa kansalu koyera. Ine ndinavala jekete. Amayi a kuseri anawiritsa tiyi m'ketulo yaikulu ya pamaliro. Dzuwa litakwera pang'ono tinamva ng'oma ndi malipenga kuchokera kumsewu waukulu, pamodzi ndi mawezulo ndi kuimba.

"Amabwera ndi bandi kodi?" anafunsa amayiwo. "Ndiye tiyiyu sakwana."

Phokosolo linayandikira mpaka tinkamva mawu a nyimbo. Ndinapita kukaima kumapeto kwa matumba anga kuti ndiwalozere njira. Ndinaima pamenepo ndikukonza kolala. Ndiye ndinazindikira kuti ng'omazo ndayamba kuzimvera kukhutu lina. Zinali kupitirira. Ndinadziuza kuti ayamba ndi odwala a kutsogolo, adzatimalizira pobwerera.

Amene anandimasula anali mmisiri wa mbaula, akuchokera kumsewu ndi malata akale paphewa. Anaima, kuyang'ana jekete langa, mipando ndi mwana wanga mu diresi yachikasu, n'kutsitsa malatawo pansi mofatsa.

"Achimwene, anthu aja adutsa."

"Abweranso. Anati adzatiyendera."

"Sakulowa m'makomo. Akungoyenda basi, pamsewu, ndi nsalu zolembalemba. Akuyenda m'malo mwa odwalawo, kuti anthu awaone n'kuponya thandizo. Kuyendera kwake n'kumeneko."

"Munthu angayendere mnzake ngati akumulimira munda? Iwo akayenda, mwendo wa mwana wanga uwongoka?"

"Ine sindinapange ndine, achimwene. Ndangokuuzani zimene ndaona."

Sindinafune kucheuka, koma ndinacheuka. Mwana wanga anali atamva zonse, pakuti makutu ake sanafe. Anali kuyang'ana mipando yopanda anthu ija.

Chimene chinandigwira pamenepo sindingachitche nzeru. Ndinangoona kuti anthu odziwa kuwongola manja ali pafupi, pamsewu wathu womwewu, ndipo akutalikira. Ndinathamangira kwa mnyamata wogulitsa makala n'kutenga wilibala yake osapempha bwino. Ndinaigwedeza kuti fumbi lichoke, ndinayalamo bulangeti, n'kuiimika pakhomo.

"Abambo, mukufuna kutani?" anatero amayi a kuseri. "Ameneyu ndi munthu wamkulu. Msika wonse ukumudziwa."

"Tikawapeza. Sanafike patali."

"Mwamufunsa mwini wake?"

Ndinawerama pamaso pa mwana wanga. "Mayi, tiwathamangire anthu aja. Ukuti bwanji?"

Anayang'ana wilibala, anayang'ana ine.

"Tiyeni," anatero.

"Mwamva nokha," ndinawauza amayiwo. Ndinamunyamula m'khwapa n'kumukhazikamo, miyendo ikulendewera kutsogolo.

Njira yochokera kwathu kukafika kumsewu waukulu mnyamata amaidutsa asanamalize ndudu. Tsiku limenelo inatalika. Matumba anga atatha, gudumu linalowa m'matope, ndinakankha ndi chifuwa, madzi akuda akundilowa m'nsapato. Pansi pa madzi a ku Kanyama pamabisala miyala yosongoka, ndipo gudumu likaigunda mwana wanga ankadumpha n'kugwera pachitsulo. Ankamenya m'mphepete mwa wilibala ndi dzanja lamanzere akunena kuti tiyeni, tiyeni, tiyeni. Ine ndinkayankha kuti tikupita, mayi, ndikuyesetsa, n'kuwonjezera liwiro.

Pa kabala ka pakona anyamata anasiya kusewera pulu.

"Ba mudala, mwagula kuti mukazi wa so? Ku salaula?"

"Iwe, ni ba sisi ba pa maketi baja. Yangana, ni beve."

Tinadutsa kumbuyo kwa msika chifukwa njira ina inali itamira. Amayi a matomato anaimirira. Wina anaitana mwana wanga ndi dzina, mwachifundo, ndipo chifundocho chinayenda tebulo ndi tebulo mpaka mzere wa salaula, kumene tebulo lake linali litatengedwa kale ndi munthu wina. Mwana wanga anakoka bulangeti ndi dzanja lamanzere n'kudziphimba kumutu, tsitsi lolukidwa bwino lija. Anasiya kulankhula. Ndinaganiza kuti akubisala dzuwa.

Titafika pamsewu waukulu panalibe bandi, panalibe nsalu zolembalemba. Panali timapulasitiki ta madzi totayidwa m'mbali mwa tala, ndipo maminibasi anali atayambanso kulizirana mahutala. Kutali, kumene msewu umakhotera, ndinaona kachigulu koyera kakuzimirira. Ndinayesa kukankha pa tala, koma miyendo inakana. Chifuwa chinkalira ngati mvukuto wa mmisiri uja. Ndinatsitsa zogwirira n'kukhala pamwala wa ngalande, ndipo kwa kanthawi sindinkaona bwino.

"Ba mudala, malasha ni zingati?"

Mawuwo anatuluka olemera, okokeka, ngati a munthu woledzera. Nditakweza maso ndinaona mwamuna wachinyamata atavala sikipa ngati ya mtsikana wa pakiliniki uja. Anali ndi ndodo yachitsulo kudzanja lamanja, mkono wamanzere utapindikira pachifuwa, ndipo mwendo wamanzere ankauponya mozungulira asanauponde. Pambali pake panali mkazi wake atanyamula botolo la madzi ndi thaulo. Anali a gulu lomwelo, koma gululo linali litawasiya kalekale.

"Si makala," ndinayankha. "Ndi mwana wanga. Anagwa ndi sitiroko. Ndimafuna aja owongola manja."

"Baja bali na mendo yabili yabili, simungabagwile. Ine banayamba na ine pa fulonti, banijambula, manje onani kwamene nili." Anaseka ndi theka la kamwa. Anayandikira wilibala n'kugogoda chitsulo ndi ndodo. "Odi mu nyumba. Sisi, chosa bulangeti, naine ndine wa mbali imozi."

Bulangeti linatsika pang'onopang'ono. Nkhope ya mwana wanga inali yonyowa, ndipo fumbi la makala linali litamulemba mizere m'masaya ndi pa diresi yachikasu.

"Unagwa liti?"

"Tiyeni."

"Aa, yako ni yabwino. Ine inasala ni 'mbuzi'. Nenze kondakita, sisi, kamwa kanga kenze kodyela, manje vonse mbuzi. Bakanipasa chakudya, mbuzi. Ba pasita babwela kunipemphelela, nabayangana mu menso, mbuzi."

"Na bamai banga anabauza," anatero mkazi wake. "Mpaka lelo bakamba ati iyo yeve anachitila dala."

M'khosi mwa mwana wanga munatuluka kamawu kamene ndinali ndisanakamve chigwereni. Kanali ngati chiyambi cha kuseka. Mwamunayo anakoleka ndodo pamkono wopindika uja n'kutambasula dzanja lake labwino.

"Tiyeni wako uyu sitiziba ngati ni ee olo ni awe. Tichite so. Nikakamba vazoona, gwila kwanja kwanga. Ngati ni boza, usagwile. Mutu ubaba?"

Mwana wanga anagwira dzanjalo.

"Ufuna manzi?"

Anagwiranso, ndipo mkazi uja anamumwetsa.

"Iyi wilibala, unafuna kukwelamo?"

Dzanja la mwamunayo linakhala m'malere. Mwana wanga anabweza lake n'kuliika pachifuwa, ndipo anatembenuza mutu kuyang'ana ine. Miyezi yonse ija ndinkatsegula zala za dzanja lakufa m'mawa uliwonse, osaganizako zofunsa lamoyolo kanthu. Panjira yonse ankandiuza kuti ndiime.

"Ba mudala," anatero mwamunayo, osakweza mawu, "muzifunsa."

Anamufunsanso ngati akufuna kutsika, ndipo anagwira dzanja msanga. Ndinaimirira kuti ndimunyamule, koma anandikankha ndi chigongono. Amene anamutsitsa ndi mkazi uja pamodzi ndi amayi a kuseri, amene anali atatitsatira m'matope monse muja atanyamula chitenje ndi nsapato zake. Mwana wanga anaima pa tala mwendo wamanja ukunjenjemera. Mwamunayo anamuonetsa moponyera phazi kuchokera m'chiuno, akumunyoza kuti akuyenda ngati bakha wa ku komboni ya Chibolya wothawa apolisi. Anayenda naye kuchokera pa wilibala kukafika pamtengo wa magetsi wotsatira. Mkazi wake anawauza amayi a kuseri za holo ya tchalitchi china pafupi ndi siteji, kumene ophunzira za kuwongola ziwalo amabwera Lachinayi lililonse, ndipo thandizo la ulendo wa tsikulo linkapita kumeneko. Anauza iwowo, ine ndinangomvera kumbali.

"Tiyeni, ba mbuzi," anatero mkaziyo kwa mwamuna wake. "Tizapeza bachosa na matenti."

Anapitiriza ulendo wawo awiriwiri m'mbali mwa msewu, maminibasi akuwapemerera fumbi.

Mwana wanga anakana kubwerera mu wilibala. Amayi a kuseri anamufunsa ndi dzanja, iye anabisa lake kumbuyo. Anabwerera kunyumba wapansi, dzanja lamanzere lili paphewa la amayiwo, akupuma pakhoma lililonse. Pamadzi amayiwo ankalowa okha m'matope kuti iye aponde pamwala. Anagwa kawiri, diresi yachikasu inada mpaka m'chiuno. Nthawi zonse ziwirizo ndinasiya wilibala n'kuthamangira, ndipo nthawi zonse ziwirizo anatembenuzira nkhope kumbali mpaka nditabwerera. Anadutsa pakati pa msika, osati kumbuyo. Anyamata a pa kabala aja anangoweramira pa pulu wawo. Ine ndinkabwera pambuyo ndi wilibala yopanda kanthu, ndipo tinafika dzuwa litapendeka, tiyi atazizira m'ketulo, mipando eni ake atatenga kale.

Kuholo kuja amapita mpaka lero, Lachinayi, ndi amayi a kuseri. Mwendo unamvera pang'ono, tsopano amafika yekha pathanki ya madzi ndi ndodo. Za dzanja anatiuza mosabisa kuti tinachedwa. Chala chachikulu ndi cholozera zimasuntha akalimbikira, zitatu zinazo zinauma mofumbata, ndipo munthu amene ankapinda malaya mwa kuphethira kwa diso sathanso kumanga chitenje chake. Mawu akubwerera amodziamodzi. Loyamba kubwerera linali "ayi", ndipo analinena kwa ine, tsiku limene ndinavala jekete kuti ndiwaperekeze kuholo. Ndiye ndimawatsatira patali, n'kukaima kuseri kwa kantemba, kagolosale ka pasiteji, mpaka atakwera basi.

Ophunzira aja anati zala zitatuzo zizitsegulidwabe m'mawa uliwonse, kupukutidwa ndi kuwengedwa zikhadabo, kuopa zilonda m'chikhatho. Amayi a kuseri amachita zimenezo akamusambitsa, koma amuna awo ayamba kukamba zobwerera ku Malawi chaka chamawa, ndipo pakhomo pano palibe munthu wina koma ine. Choncho m'mawa uliwonse ndikamupatsa phala ndimagwada pambali pa matiresi, kansalu ndi madzi ofunda zili pafupi, n'kutambasula dzanja langa.

"Mayi, ngati ukulola kuti ndikutsegule zala lero, gwira dzanja langa."

Amaliyang'ana. Masiku ena amaliyang'ana nthawi yaitali ndithu. Ndimalisiya pomwepo mpaka phewa litayamba kuwawa, kenako ndimakataya madzi aja panja atazizira.